Kodi ndiwo zophika kale tizisungira m'chiyani mufiriji pamene ndalama zili zochepa?

Funso la mayi wa ana atatu, Dedza boma

Moni nonse amene mukuwerenga. Ine ndine mphunzitsi pasukulu ina yapulayimale kuno ku Dedza, ndipo ndimachoka pakhomo m'mamawa n'kubwerera dzuwa litapendeka, kotero kuti kuphika ndiwo tsiku lililonse kwakhala kukundilemera, makamaka nyemba, zimene zimatha makala ambiri zisanafewe. Mwezi wathawu tinagula firiji yaikulu yotsegulira pamwamba, ija anthu amaitchula kuti deep freezer, kwa banja lina limene linkasamukira ku Lilongwe. Maganizo anga anali akuti Loweruka lililonse ndiziphika nyemba mphika waukulu, nkhuku kapena nyama pang'ono, ndi nkhwani wotendera, kenako ndizigawa n'kuumitsa, kuti mkati mwa sabata ndizingotenthetsa ndiwo n'kuphika nsima yokha.

Chimene chandisokoneza ndi zoikamo ndiwozo. Sabata yoyamba ndinathira nyemba m'botolo lagalasi limene munali mayonezi, ndinalidzaza mpaka m'khosi n'kulitseka mwamphamvu. Lachiwiri madzulo nditatsegula firiji ndinapeza botololo litang'aluka kuyambira paphewa mpaka pansi, nyemba zitaima zokha ngati chitsa, tizidutswa tagalasi titamatirira m'mbali mwake. Ndinataya zonse chifukwa sindikanayerekeza kupatsa ana. Tsiku lina kontena ya majarini imene munali nkhwani inandipulumuka m'manja n'kugwera pasimenti, ndipo inaphwanyika ngati chigoba cha dzira. Nyama ndinaikulunga m'majumbo opyapyala aja timapatsidwa kumsika, koma jumbo inamatirira kunyama n'kumang'ambika pang'onopang'ono poichotsa, ndipo nyamayo inali itayera ndi kuuma m'mbali.

Ndinapita m'sitolo kukaona makontena olembedwa kuti ndi a mufiriji, koma mtengo wa anayi okha unali wokwanira ndiwo za banja langa za sabata yathunthu. Nonse mukudziwa mmene katundu wochokera kunja wakwerera kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho ndikupempha amene muli ndi luso pa nkhaniyi mundiunikire. Kodi makontena a majarini, a ayisikilimu ndi mabotolo a chiponde angathe kugwira ntchito imeneyi popanda kuika banja pachiswe? Ngati ndiyenera kugula, ndigule otani, aakulu bwanji, ndiponso angati, poganizira kuti m'nyumba mwathu tilimo anthu asanu? Ndiwonjezerenso kuti magetsi kuno amazima kawirikawiri, nthawi zina kwa maola ambiri.

Yankho la namwino wopuma pantchito, Ntcheu

Zikomo achemwali chifukwa cha funso lanu, ndipo pepani chifukwa cha nyemba zimene zinawonongeka, pakuti masiku ano nyemba si ndiwo zotaya. Komabe munachita bwino kwambiri kutaya zonse, chifukwa kagalasi kobisala m'msuzi woundana sikaoneka ndi maso. Ine ndinayamba kuumitsa ndiwo nthawi imene ndinkagwira ntchito ya usiku m'chipatala, ana anga akadali aang'ono, ndipo chimene ndaona m'zaka zonsezi n'chakuti kukula ndi kuya kwa kontena n'kofunika kwambiri kuposa mtengo wake.

Kontena imodzi izikhala ya ndiwo zodya nthawi imodzi basi. Kwa anthu asanu, ya lita imodzi imakwana nyemba za chakudya chamadzulo, ndipo ya theka la lita imakwana masamba kapena nyama. Makontena aakulu a ayisikilimu aja a malita awiri amakopa chifukwa amalowa zambiri, koma tsiku limene mudzafune nyemba za Lolemba zokha mudzakakamizika kusungunula zonse, ndipo zotsalazo mudzazibwezeranso mufiriji zitasungunuka kale. Kusungunula ndi kuumitsanso mobwerezabwereza ndiko kumawononga kukoma, komanso ndiko kumapatsa mpata tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba.

Apa ndifotokoze pang'ono, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti firiji imapha tizilombo. Kuzizira sikupha tizilombo ayi, kumangotigoneka tulo, ndipo chakudya chikafunda timadzuka n'kupitiriza kuswana. Timaswana msanga pamene chakudya chili chofunda, pakati pa madigiri 5 ndi 60, n'chifukwa chake ndiwo zophika ziyenera kukhala zitazizira n'kulowa mufiriji pasanathe maola awiri chiziphulireni pamoto. Mpunga ndi wovuta kuposa zonse, chifukwa muli tizilombo tina timene sitifa ngakhale pophika, ndipo ukakhala wofunda kwa nthawi yaitali timatulutsa poizoni amene satha ngakhale muutenthetsenso. Choncho mpunga uzilowa pasanathe ola limodzi. Kontena yakuya imasunga kutentha pakati kwa nthawi yaitali ngakhale kunja kwake kwazizira, pamene yosaya, imene chakudya sichipitirira masentimita asanu kuya kwake, imazizira msanga, imauma msanga ndiponso imasungunuka msanga. Mukamasankha kumsika, tengani yotambalala ngati njerwa, musiye yaitali ngati ndowa.

Musathire ndiwo zowira m'pulasitiki. Kutenthako kumapotoza kontena moti chivundikiro sichigwiranso bwino, nthunzi imasanduka madzi oundana pamwamba pa chakudya, ndiponso mumatenthetsa zina zimene zili kale mufiriji. Ine ndimaika poto m'beseni la madzi ozizira, ndikutakasa ndiwozo ndi kusintha madziwo kawiri kapena katatu, ndipo pakatha mphindi makumi atatu zimakhala zitazizira mokwanira kugawa. Inu a ku Dedza boma muli ndi mwayi chifukwa mu Juni ndi Julayi madzi a m'ndowa amakhala ozizira okha, koma abale athu a ku Golomoti, ku Mtakataka ndi m'chigwa cha Bwanje ayenera kuchita changu kwambiri mwezi wa Okutobala, pamene ndiwo za m'mawa zimafika madzulo zitagaga.

Tsopano za pulasitiki. Tembenuzani kontena muone pansi pake, mupeza kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala pakati. Nambala 2, 4 ndi 5 ndi zimene zimagwiritsidwa ntchito kwambiri posungira chakudya, ndipo ndi zimene muyenera kufunafuna. Nambala 6 ndi ya timakontena toyera topepuka tija amaikamo chakudya chonyamula kumalo odyera ndi ya timakapu tina ta yogati, ndipo imasweka msanga ikazizira komanso siigwirizana ndi chakudya chotentha chamafuta. Nambala 3 ndi 7 ine ndimazipewa. Mukaona chithunzi cha tambula ndi foloko, ndiye kuti kontenayo inapangidwira chakudya, ndipo mukaona kanyenyezi ka nthambi zisanu ndi imodzi, ndiye kuti inapangidwa kuti ipirire mufiriji yoziziritsa kwambiri.

Makontena a majarini ndi a ayisikilimu ang'onoang'ono musawanyoze, chifukwa anapangidwira chakudya, ndipo a ayisikilimu anapangidwiranso kuzizira. Atsukeni ndi sopo ndi madzi ofunda mpaka mafuta onse athe, aume bwinobwino, muthiremo chakudya chozizira, ndipo musadzatenthetsere momwemo. Sapangidwa kuti akhale zaka, choncho akayamba kukandika m'kati, kuyera m'makona kapena chivundikiro chikayamba kulefuka, apumitseni akakhale osungiramo misomali kapena mbewu. Zagalasi ine sindikulimbikitsani, makamaka m'nyumba ya ana aang'ono amene amatsegula firiji inu kulibe.

Musaiwale kulemba. Ndiwo zikauma zimafanana zonse, ndipo ine ndinasungunulapo nthochi zopondaponda za chikondamoyo ndikuyesa kuti ndi chipere, alendo ali kale pampando. Matani tepi yapepala pachivundikiro, lembani dzina la ndiwo ndi tsiku. Firiji ikamazizira mpaka madigiri 18 pansi pa ziro, ndiwo zophika zimakhalabe zokoma kwa miyezi iwiri kapena itatu, koma zotendera muzidya mwezi usanathe chifukwa mafuta a nsinjiro amasintha fungo akakhalitsa.

Yankho la bambo ophika chakudya chogulitsa, Lizulu

Mayi, zimene anena amayi athu anamwino pamwambapa n'zoona, ndipo ine ndingowonjezera mbali ya ndalama, chifukwa pabizinesi yanga ndikanati ndizigula kontena ya ndiwo iliyonse imene ndimasunga ndikanatseka kalekale. Ndimaphikira apaulendo odutsa mumsewu wa M1 ndi anthu obwera kudzapikula kachewere, kabichi ndi tomato pamsika wa pano, ndipo makontena amene ndili nawo ndi asanu ndi imodzi okha, onse ofanana.

Njira yake ndi yofanana ndi ya woumba njerwa, amene sagula chikombole cha njerwa iliyonse. Tengani jumbo yokhuthala, yoyera, yopangidwira chakudya, muiyale m'kati mwa kontena, muthiremo ndiwo zozizira, mufinye mpweya wonse utuluke, mumange n'kuika mufiriji. M'mawa mwake ndiwozo zimakhala zitauma ngati njerwa, ndiye mumangozitulutsa ndi jumbo yake n'kuzisanja, kontena ija n'kukhala yopanda kanthu, yoyera, yodikira ndiwo zina. Njerwa zoterezi zimasanjikika bwino popanda kusiya mipata, ndipo posungunula mumaibwezera m'kontena yomwe ija kapena m'mbale kuti msuzi usatayike jumbo ikakhala kuti yaboola. Mbale yachitsulo kapena bakuli imagwiranso ntchito ya chikombole, ndipo chitsulo chimaumitsa msanga kuposa pulasitiki, koma musasiye ndiwo za tomato wambiri zitakhudzana ndi poto wa aluminiyamu kwa masiku, chifukwa kuwawasa kwa tomato kumadya chitsulocho.

N'chifukwa chake ndikunena kuti mugule ochepa koma ofanana. Mukasonkhanitsa makontena a mitundu khumi, tsiku lililonse muzikhalira kufunafuna chivundikiro choyenera, ndipo chimodzi chikasweka kontena yake yatha ntchito. Akakhala a mtundu umodzi, chivundikiro chilichonse chimakwana paliponse. Posankha pamsika, tsekani kontenayo, muitembenuze, muifinye m'mbali pang'ono. Chivundikiro chikatumphuka, isiyeni. Muinunkhizenso m'kati, chifukwa pali makontena ena okongola mitundu, otsika mtengo kwambiri, opanda nambala kapena chizindikiro chilichonse pansi, amene amanunkha ngati tayala lopsa, ndipo fungo limenelo limalowa m'chakudya chamafuta.

Majumbo opyapyala aja iwalani. Kupatula kuti amang'ambika ndi kulowetsa mpweya monga munaonera pa nyama yanu, boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, choncho si chinthu chodalira. Majumbo okhuthala a zipi ndi okwera mtengo pogula, koma amachapika. Ine ndimawatembenuza, kuwatsuka ndi sopo, kuwayanika pachingwe n'kuwagwiritsanso ntchito kangapo. Okhawo amene munali nyama kapena nkhuku yaiwisi sindiwabwereza.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna ndichinene mosapsatira chifukwa kuno kwathu ndi kwa alimi a kachewere ndi tomato. M'midzi muno muli zigubu, mabotolo ndi timandowa tambiri timene munali mankhwala opopera mbewu, ndipo zina zimaoneka zolimba, zokhala ndi zotsekera zabwino kuposa makontena a m'sitolo. Musaikemo chakudya ngakhale mutazitsuka kakhumi ndi phulusa, chifukwa mankhwalawo amalowerera m'pulasitiki momwemo. Chimodzimodzinso ndowa za penti, za oilo wa galimoto ndi za sopo wochapira. Pogula kontena yakale kwa ogulitsa zigubu, ngati simukudziwa chimene munali poyamba, isiyeni. Ndowa za malita 20 za mafuta ophikira n'zabwino chifukwa munali chakudya, koma ntchito yake ndi kusungiramo ufa kapena kusonkhanitsiramo njerwa za ndiwo zija mufiriji, osati kuthiramo ndiwo zamsuzi.

Za magetsi, ife tinaphunzira mowawa mu 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mwezi wa Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Firiji yodzaza, ikapanda kutsegulidwa, imasunga chakudya chili chouma kwa masiku pafupifupi awiri, pamene yofika theka imangopirira tsiku limodzi. Popeza inu mukungoyamba kumene ndipo firiji yanu ili ndi mpata waukulu, dzazani mpatawo ndi mabotolo apulasitiki a madzi, osawadzaza mpaka kukamwa, kuti aundane n'kumagwira kuzizira magetsi akazima. Ikaninso kapu ya madzi, akaundana muike pamwamba pake kobili la K10 lija limene masiku ano siligula kanthu. Mukabwera kuntchito n'kupeza kobili lili pamwamba, zonse zili bwino, koma mukalipeza litamira pansi pa kapu ndiye kuti zinthu zinasungunuka n'kuumanso inu kulibe, ndipo nyama ndi mpunga musazikhulupirire. Apa makontena ang'onoang'ono ali ndi vuto lake, chifukwa amasungunuka msanga kuposa aakulu, choncho muziwasanja mothithikana pansi pakati pa firiji, mabotolo a madzi atawazungulira.

Kachewere musamuike m'ndiwo zokaumitsa. Ndine wa pa Lizulu ndipo ndimamudziwa, akasungunuka amafewa ngati siponji n'kumatuluka madzi. Phikani nyama yokha ndi msuzi wake, kachewere mudzamuwonjezere tsiku lodya.

Yankho la mphunzitsi wa sayansi kusekondale, Linthipe

Aphunzitsi anzanga, ndawerenga mayankho awiriwa ndipo ndapindula nawo, koma ndikupempha amayi athu anamwino andilole ndisiyane nawo pang'ono pa nkhani ya galasi. Botolo lanu silinasweke chifukwa chakuti ndi lagalasi, linasweka chifukwa cha maonekedwe ake ndi mmene munalidzazira. Madzi akamaundana amatupa ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, ndipo msuzi wa nyemba ndi madzi ndithu. M'botolo lokhala ndi mapewa, lija limatambalala pansi n'kuchepa kukhosi, msuzi ukamatupa umakwera m'mwamba n'kukatsamira paphewapo, ndipo popeza galasi silitamuka, limang'aluka. Mwanena nokha kuti mng'alu unayambira paphewa. Botolo lowongoka kuyambira pansi mpaka kukamwa, la kamwa lalikulu, limapereka njira yoti msuzi ukwere popanda chotchinga. Mukasiya mpata wa zala ziwiri pamwamba, n'kungoika chotsekera osamanga mpaka zitauma, kenako n'kumanga m'mawa mwake, silisweka. Ngati botolo lili ndi mapewa, ndiwo zilekezere zala ziwiri pansi pa mapewawo.

Mdani wina wa galasi ndi kusintha kwa kutentha mwadzidzidzi. Musathire madzi otentha pabotolo lochokera mufiriji pofuna kufulumiza, ndipo musaliike pafupi ndi mbaula. Ubwino wake ndi wakuti siligwira fungo, silidetsedwa ndi tomato kapena kale (curry), ndiponso mabotolo a jamu mumakhala nawo kale m'nyumba osagula. Ine ndimawagwiritsa ntchito pa zinthu zochepa, monga tomato wokazinga ndi anyezi amene ndimaphika wambiri nthawi imene watchipa pamsika wa Bembeke. Komabe mfundo ya ana ndi yomveka, ndipo mufiriji yotsegulira pamwamba, mmene zinthu zimagundana munthu akamafukula za pansi, mabotolo azikhala m'kabasiketi kapamwamba kapena m'katoni yawoyawo. Mpata wa pamwamba uja ndi wofunikanso m'makontena apulasitiki, chifukwa ngakhale sasweka, msuzi umakankha chivundikiro n'kutseguka.

Kontena ya majarini imene inaphwanyika ija ili ndi chifukwa chakenso. Ambiri mwa makontena amenewa ndi a nambala 5, pulasitiki imene imapirira kutentha bwino koma ikazizira kwambiri imauma gwa n'kusiya kupindika, moti ikagwa kapena mukakanula chivundikiro mokakamiza imathetheka. Ya nambala 2 ndi 4 imakhalabe yofewa ngakhale pozizira kwambiri, n'chifukwa chake majumbo a mufiriji amapangidwa ndi mtundu umenewu. Sindikunena kuti nambala 5 ndi yoipa, koma mukaitulutsa muigwire ndi manja awiri, muisiye patebulo mphindi zisanu kapena muiviike m'madzi ozizira musanatsegule. Mabotolo a chiponde oonekera m'kati aja kawirikawiri ndi a nambala 1, ndipo amatha kusunga zozizira, koma amakwinyika mukathiramo zotentha.

Kuyera ndi kuuma kwa nyama kumene munaona kumachitika pamene mpweya wouma wa mufiriji ukukoka chinyezi pachakudya chimene sichinatsekedwe bwino. Nyama yotero siidwalitsa, koma imalimba ndipo imataya kukoma. Pa ndiwo zophika mankhwala ake ndi aulere: onetsetsani kuti msuzi wamiza nthuli zonse, ndipo sankhani kontena yolingana ndi kuchuluka kwa chakudya, kuti pasakhale mpweya wambiri woposa mpata wa zala ziwiri uja. Utoto wofiira umene tomato amasiya m'pulasitiki ndi wosaopsa, ndipo umachepa mukayanika kontenayo padzuwa mutaitsuka.

Ndimalize ndi kukulimbikitsani pa maganizo anu ophika nyemba zambiri nthawi imodzi. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chotero madzi amawira asanafike madigiri 100, pafupifupi pa 95. Ndiye chifukwa china chimene nyemba zimachedwera kupsa kwanuko kuyerekeza ndi kunyanja, ndipo makala amene mungapulumutse pophika kamodzi m'malo mwa katatu adzabweza ndalama ya makontena pasanapite nthawi yaitali.

Mayi wa ana atatu, Dedza boma, abweranso

Ndikuthokozani nonse atatu, amayi anamwino, bambo a pa Lizulu ndi aphunzitsi anzanga, chifukwa mwandiyankha mofatsa. Ndadikira masabata awiri ndisanalembe kuti ndiyambe ndayesa. Ndinapita kumsika ndipo ndinatembenuza makontena ambiri mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndataya chinthu pansi pake. Ndinagula anayi ofanana a lita imodzi, osaya, a nambala 5, okhala ndi chithunzi cha tambula ndi foloko, pamodzi ndi paketi imodzi ya majumbo okhuthala, ndipo zonse pamodzi sizinafike theka la mtengo wa aja ndinaona m'sitolo. Makontena a majarini amene ndinali nawo ndawasiyira nkhwani ndi mpiru wotendera, popeza masamba timadya ochepa.

Njira ya chikombole yandithandiza kuposa mmene ndinkayembekezera. Loweruka lapitali ndinaumba njerwa zinayi za nyemba, Lamulungu m'mawa ndinazitulutsa, ndipo masana ake makontena omwewo analandira nkhuku. Cholakwa chimene ndinachita ulendo woyamba n'chakuti sindinayale jumbo bwino m'makona, moti inapindikira m'kati mwa msuzi n'kuumira momwemo, ndipo ndinachita kudikira kuti zisungunuke kuti ndiichotse osang'amba. Tsopano ndimaikankhira m'makona ndi zala ndisanathire. Botolo la jamu lowongoka ndayesa limodzi lokha, la tomato wokazinga, ndipo silinasweke, koma ndaliika m'sokosi yakale n'kulibisa pakona pamene ana safikapo.

Lachinayi magetsi anazima kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ndinaletsa ana kutsegula firiji, ndipo atayaka ndinapeza kobili lija lili pamwamba pa kapu monga ndinalisiyira.

Ndatsala ndi mafunso awiri kwa amayi anamwino. Popeza ndilibe firiji yaing'ono yongoziziritsa, kodi ndingatulutse njerwa ya nyemba m'mawa popita kuntchito n'kuisiya m'mbale kukhitchini kuti ndidzaipeze itasungunuka madzulo? Ndiponso mwana wanga wamkulu akuti tiziumitsanso nsima kuti asamavutike kuphika akaweruka kusukulu, kodi zimenezi n'zotheka?

Yankho la namwino wopuma pantchito, Ntcheu

Achemwali, kusiya ndiwo m'mbale kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndikukuletsani, ngakhale kwanuko kumazizira, chifukwa kunja kwa njerwayo kumasungunuka msanga n'kukhala kofunda kwa maola ambiri pamene pakati pakadali pouma. Ubwino wa njerwa yosaya ndi womwewu, kuti simufunika kuitulutsa m'mawa. Mukafika madzulo, iviikeni ndi jumbo yake m'beseni la madzi ozizira kwa mphindi zochepa kuti jumbo imasuke, kenako ikani njerwayo mupoto momwe mwathira madzi pang'ono, muvundikire, moto ukhale wochepa poyamba, muzitembenuza ndi kuiphwanya ikamafewa. Ikasungunuka yonse onjezerani moto mpaka ndiwo zibwadamuke paliponse, osati m'mbali mokha, ndipo zikhala zitakonzeka madzi a nsima asanawire. Zimene zatsala pambuyo potenthetsa musazibwezerenso mufiriji kachiwiri.

Nsima ndinayesapo kamodzi. Ikasungunuka imatuluka madzi n'kumanyenyeka, ndipo sigwirikanso kuti munthu apange mbamu, moti ana anga anaikana ndipo ndinachita kuisandutsa phala m'mawa mwake. Siidwalitsa, koma ikungokudyerani malo ndi majumbo. Aphunzitsi a ku Linthipe ndawamva pa nkhani ya galasi ndipo sindikutsutsa, sokosi yakale ija ndiitengera inenso. Koma mwana wanuyo muuzeni kuti mthiko ukumudikira.